Okosijeni wochuluka sachiza khansa, ntchito yake ndi ina

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo, kudzera m'nyuzipepala yathu ino, nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira mwezi watha. Ndine mmodzi mwa Amalawi amene tikukhala ndi kugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndisanabwere kuno ndinkaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale kwathuko. Pa gulu lathu la WhatsApp, limene tinakhazikitsa kuti tizithandizana pa matenda ndi pa maliro, pakhala pakuyenda uthenga wonena kuti khansa imaopa mpweya wa okosijeni, ndipo kuti wodwala akamalowa m'chipinda chopoperamo mpweyawu mwamphamvu, chotupa chimafota chokha popanda opaleshoni, popanda mankhwala a m'diripu, popandanso kuwotcha ndi makina. Mayi ena a mumpingo mwathu, amene madokotala anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, anaukhulupirira uthengawu ndi mtima wonse. Ifenso tinasonkha ndalama kuti akayambe, ndipo ine ndinali m'gulu la osonkhawo. Ndikulemba monga munthu amene analakwa nawo.

Loweruka lina ndinawaperekeza. Tinakwera minibasi pa Bree kupita cha kumpoto kwa mzinda, ndipo tinafika pa nyumba yooneka bwino kwambiri, yokhala ndi maluwa pakhomo. Chimene ankachitcha chipinda chija ndinapeza kuti ndi thumba lalitali la nsalu yolimba, lotseka ndi zipi, lokhala ndi kawindo kakang'ono kumutu. Mayiwo anagona m'menemo ola lathunthu, akumeza malovu pafupipafupi chifukwa makutu ankawatseka, ndipo atatuluka anati, "Aphunzitsi, thupi lapepuka, ndikuona kuti Mulungu wandiyankha." Ine ndinasangalala nawo. Koma pobwerera, pamene ankadzuka kuti atsike minibasi, ndinaona kuti chitenje chimene anachipinda kanayi n'kukhalira chanyowa magazi. Anachikulunga mofulumira n'kuchiika m'chikwama, ndipo sitinayankhulane mpaka kunyumba. Madzulo a tsiku lomwelo mwana wawo wamkazi anandiuza kuti tsiku limene achipatala anawapatsa kuti akajambulidwe ndi kukonzekera kuwotcha linali litadutsa kale, iwo osapita.

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga mozama, monga ndinayenera kuchitira ndisanapereke ndalama yanga, ndipo zimene ndinapeza ndikufuna kuti anzanga azimve.

Uthenga wa pa WhatsApp uja uli ndi kachidutswa ka choonadi, ndipo n'chifukwa chake umakopa. Umatchula wasayansi wa ku Germany, Otto Warburg, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1931. M'zaka za m'ma 1920 iyeyu anaona kuti maselo a khansa amadya shuga wochuluka ndipo amamuphwanya m'njira yosadalira okosijeni. Pamenepa olemba uthengawo amaima n'kunena kuti basi, khansa imadana ndi mpweya. Koma mfundo yeniyeni ya Warburg inali yakuti maselo amenewa amachita zimenezi ngakhale okosijeni alipo wokwanira. Sanapeze kuti okosijeni amapha khansa. Umboni wake tonse timaudziwa, chifukwa khansa imamera bwinobwino m'mapapo, momwe mpweya umalowa ndi kutuluka usana ndi usiku.

Choona n'chakuti m'kati mwa zotupa zambiri muli malo osowa mpweya. Mu 1955 asayansi awiri a ku Britain, Thomlinson ndi Gray, anapima timinofu ta khansa ya m'mapapo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo anaona kuti maselo oyandikana ndi mtsempha wa magazi ali moyo, pamene otalikira pang'ono chabe ndi akufa. Okosijeni akatuluka mumtsempha amayenda mtunda waufupi kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.15, tinene makulidwe a tsitsi ziwiri, kenaka amatha. Pakati pa maselo amoyo ndi akufa pali ena amene akubanika koma sanafe, ndipo amenewa ndiwo ovuta koposa. Kuwotcha ndi makina kumadalira okosijeni kuti kuwononge selo kotheratu, moti selo losowa mpweya limafuna mphamvu ya cheza yowirikiza pafupifupi katatu kuti life. Mankhwala a m'diripu nawonso amayenda m'magazi, choncho kumene magazi safika bwino, mankhwala safika bwino. Kusowa mpweya m'chotupa ndiye chishango cha khansa.

Chotupa chikayamba kubanika sichikhala chete. Mu 1971 dokotala wa opaleshoni wa ku Boston, Judah Folkman, anafotokoza kuti chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena iwiri ngati sichinadziitanire mitsempha yatsopano ya magazi. Anzake ambiri anamutsutsa poyamba, koma pambuyo pake zinaoneka kuti ananena zoona. Mu 1989 wasayansi wina, Napoleone Ferrara, anapatula puloteni yotchedwa VEGF, imene ili ngati mthenga wouza mitsempha yoyandikana kuti iphuke nthambi kulowera kumene kuli njala ya mpweya. Kenaka kunadziwika chimene chimatuma mthengayu. M'selo lililonse muli puloteni ina yotchedwa HIF, imene selo limapanga nthawi zonse n'kumaiwononganso nthawi yomweyo pamene mpweya ulipo. Mpweya ukachepa, HIF sawonongedwanso, amachulukana, n'kulamula kuti VEGF apangidwe. Amene anatulukira dongosolo limeneli, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphotho ya Nobel mu 2019.

Mitsempha imene chotupa chimadziitanira si yolongosoka ngati ya thupi labwino. Amene munafikapo m'malo a zisakasa kuno ku Joni munaona momwe mapaipi a madzi amalumikizidwira, aliyense kukoka kwake, ena opindika, ena othina, ena ochucha panjira, moti nyumba ina madzi amasefukira pamene yoyandikana nayo mpopi ndi wouma. Ndi momwe ilili mitsempha ya m'chotupa. Ndi yokhotakhota, makoma ake ndi opyapyala ndi odontha, magazi amayenda mododoma, ndipo mapeto ake chotupa chimakhala ndi mitsempha yambiri koma n'kumabanikabe, n'kumaitanabe ina. Magazi amene ndinaona pa chitenje paja anachokera m'mitsempha yosalimba yoteroyo. M'makoma odonthawo ndi momwenso maselo a khansa amalowera n'kupita kukamera kwina. Ife Amalawi nkhani ya mitsempha ndi khansa si yachilendo, pakuti khansa ya Kaposi, ija ya zotupa zakuda pamiyendo imene inazunza abale athu ambiri ma ARV asanafale, imayambira m'maselo okuta m'kati mwa mitsempha.

Tsopano tifike pa mpweya wopanikizidwa weniweni, umene madokotala amautcha hyperbaric oxygen. Mpweya umene timapuma tsiku ndi tsiku uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, ndipo maselo ofiira a magazi amakhala atatsala pang'ono kudzaza nawo kale, moti kuwonjezera mpweya sikuwasenzetsa wochuluka. Chimene chipinda chachitsulo cha kuchipatala chimachita ndi china. Wodwala amapuma okosijeni wosasakaniza ndi mpweya wina, utapanikizidwa kuwirikiza kawiri kapena kupitirirapo poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kawirikawiri kwa mphindi 90, ndipo kupanikizikako kumakankhira okosijeni m'madzi a m'magazi, monga momwe mpweya umasungunukira m'botolo la chakumwa chozizira lisanatsegulidwe. Mu 1960 dokotala wa ku Amsterdam, Ite Boerema, anaonetsa kuti nkhumba zochotsedwa pafupifupi maselo onse ofiira zinkakhalabe ndi moyo m'chipinda chotere. Choncho njirayi ndi yamphamvu ndithu, ndipo ili ndi ntchito zake zovomerezeka, monga kupulumutsa osambira pansi pa nyanja amene avuuka mofulumira, kuthandiza amene akomoka ndi utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, monga zimachitikira kuno nyengo yozizira, ndi kupoletsa zilonda zina za kumapazi za odwala matenda a shuga.

Pa zilonda zoterezi, mpweya wopanikizidwa umathandiza thupi kumeretsa timitsempha tatsopano. Pamenepa m'pamene madokotala kwa zaka zambiri anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali osiyana kotheratu ndi chiyembekezo cha pa WhatsApp chija. Ankafunsa kuti ngati mpweyawu umameretsa mitsempha pa chilonda, kodi sungameretsenso mitsempha pa chotupa chobisala n'kuchikuza? Funsoli linali lanzeru ndipo analifufuza. Mu 2003 John Feldmeier ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza zimene zinalipo, ndipo mu 2012 Ingrid Moen ndi Linda Stuhr a ku yunivesite ya Bergen ku Norway anachitanso chimodzimodzi. Magulu onse awiri sanapeze umboni wakuti mpweya wopanikizidwa umakuza khansa kapena kuibwezeretsa. Ku Bergen komweko, pa makoswe amene anali ndi zotupa za m'mawere, anaona kuti zotupazo zinkakula pang'onopang'ono zikapatsidwa okosijeni wochuluka, ndipo timitsempha ta m'kati mwake tinkachepa. Zimenezi n'zomveka tikakumbukira HIF uja, pakuti chotupa chikasiya kubanika kwa kanthawi, kuitana kwake kwa mitsempha kumatsika. Mu 2015 asayansi a ku Northeastern University ku Boston anaonanso kuti mbewa zopuma mpweya wokhala ndi okosijeni magawo 60 pa 100 zinkalimbana bwino ndi zotupa za m'mapapo, chifukwa asilikali a m'thupi ankagwira ntchito momasuka.

Ndikudziwa kuti wina awerenga ndime yapitayi n'kunena kuti nanga si zomwezo zimene uthenga uja unkanena. Ayi, si zomwezo, ndipo ndikupempha kuti apa tidekhe. Zimene ndatchulazi zinachitika pa makoswe ndi mbewa, ndipo ngakhale pa nyamazo nkhani inali ya kuchedwetsa kukula kwa mitundu ina ya zotupa. Palibe kafukufuku wodalirika wa pa anthu amene waonetsa kuti mpweya wopanikizidwa paokha wachiza khansa. Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Munthu amakhala m'chipindacho ola limodzi ndi theka, ndipo akatuluka okosijeni wa m'chotupa amatsikanso posakhalitsa, chotupa n'kupitiriza ntchito yake maola ena onse a tsikulo. Komanso khansa zina zinawononga kale chozimitsira cha dongosolo lija. Pa khansa yofala ya impso, mwachitsanzo, jini (kachidutswa ka malangizo a m'selo) yotchedwa VHL, imene ntchito yake ndi kuchotsa HIF mpweya ukakhalapo, imakhala yofa, moti chotupa chimaitana mitsempha usana ndi usiku kaya mpweya ulipo kaya palibe. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu poyera kuti njirayi sinavomerezedwe ngati mankhwala a khansa.

Madokotala anayesapo kuuphatikiza mpweyawu ndi kuwotcha, kuyambira mu 1955 pamene dokotala wina, Churchill-Davidson, anayamba kuwotcha odwala ali m'kati mwa chipinda chopanikizidwa ku chipatala cha St Thomas ku London. Pa khansa za m'kamwa ndi pakhosi zotsatira zinaonetsa kuti zotupa zinkagonja bwinoko, koma minofu yabwino nayonso inkapsa kwambiri, odwala ena ankagwidwa ndi khunyu chifukwa cha kuchuluka kwa okosijeni, ndipo ntchito yoika munthu m'chitsulo chotseka n'kumulunjikitsa bwino pa makina inali yovuta, mpaka njirayi inasiyidwa m'zipatala zambiri. Chofunika kuchiona apa n'chakuti ngakhale pamene mpweya unathandiza, chimene chinkapha khansa chinali cheza cha makina. Mpweya unkangochotsa chishango.

Malo enieni a mpweya wopanikizidwa pa nkhani ya khansa ali pambuyo pa chithandizo. Cheza chowotchera khansa chimawononganso timitsempha ta minofu yoyandikana nayo, ndipo patapita miyezi kapena zaka, anthu ena amayamba kukodza magazi, kapena fupa la nsagwada limayamba kufa, kapena chilonda chimakana kupola. Pamenepa mphamvu ija yomeretsa mitsempha imakhala mdalitso, ndipo wodwala amalowa m'chipinda maulendo 30 kapena 40, tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa m'maiko a kumpoto kwa Ulaya wotchedwa RICH-ART, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti odwala chikhodzodzo chopsa ndi cheza ankapeza bwino ndithu. Koma ndisabise mbali ina. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa HOT2, wa mu 2016, sanapeze phindu pa odwala amene matumbo awo anavulala ndi cheza. Ngakhale pa ntchito yake yeniyeni, ndiye kuti mpweyawu umathandiza apa, osathandiza apo, ndipo woyenera kusankha ndi dokotala wa khansa amene ali ndi fayilo ya wodwalayo m'manja.

Thumba la zipi lija ndi nkhani inanso. Matumba oterewa amawonjezera mpweya pang'ono chabe, pafupifupi magawo atatu mwa khumi pamwamba pa umene uli panja. Tsono Johannesburg ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a wa kunyanja. Mukawerengetsa mupeza kuti munthu wogona m'thumba limenelo kuno wapanikizidwa mopitirira pang'ono chabe munthu amene wakhala pamchenga m'mbali mwa nyanja ku Durban. Akhoza kumuwonjezera okosijeni wa pamphuno, koma sizifika n'komwe pa mlingo umene zofufuza zonse ndatchulazi zinagwiritsa ntchito. Mayi athu aja sanalandire ngakhale chinthu chimene chinayesedwa pa makoswe.

Ngozi nazonso zilipo, ndipo tsiku lija palibe amene anatitchulira. Kupanikizika kwa mpweya kumatha kuvulaza ng'oma ya khutu, maso amatha kuyamba kuona pafupi pokha kwa milungu ingapo, ndipo munthu amene papo lake linabooka osakonzedwa sayenera kulowamo konse. Mankhwala ena a khansa, monga bleomycin, doxorubicin ndi cisplatin, amafuna kusamala kwakukulu munthu akamalandira okosijeni wopanikizidwa, ndipo cisplatin ndi mankhwala amene amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero amalandira pamodzi ndi kuwotcha. Palinso moto, pakuti pamene pali okosijeni wochuluka kamoto kakang'ono kamasanduka malawi m'kanthawi kochepa. Mu 1997 anthu 11 anafera m'chipinda chotere mumzinda wa Milan ku Italy, ndipo mu January 2025 mwana wa zaka 5 anafa chipinda chitaphulika ku Michigan ku America.

Koma ngozi yaikulu kwa ife ndi nthawi. Sindikuweruza mayi aja, ndipo sindikufuna kuti owerenga awaweruze. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu wobwera, amene amagwira ntchito ya m'nyumba masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amene amaopa kuti akapempha tchuthi chopita kuchipatala abwana apeza wina, amene chilankhulo cha pa windo la chipatala sachimva bwino ndipo mapepala ake amamudetsa nkhawa, akamva kuti pali njira yosapweteka yochitika Loweruka, n'zosadabwitsa kuti amathamangira komweko. Komanso ambiri a ife tinakula tikumva kuti akakuwotcha ndiye kuti basi, chifukwa kwa zaka zambiri kwathu kunalibe makina owotchera, ndipo amene ankatumizidwa ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India ankapita matenda atafika kale patali. Komabe khansa ya khomo la chiberekero, imene dziko lathu lili m'gulu la maiko okhudzidwa nayo kwambiri padziko lonse, imachizika ikapezeka msanga, ndipo mwezi uliwonse wotayika umapatsa chotupa mpata womeretsa mitsempha ina ndi kufalikira.

Ngati tikufunadi kuti okosijeni amenyere nkhondo wodwala wathu, pali zinthu zapafupi zimene zili m'manja mwathu. Mayi amene wakhala akutaya magazi kwa miyezi amakhala ndi magazi ochepa, ndipo madokotala amayesetsa kuwakweza, nthawi zina pomuika magazi, asanayambe kuwotcha ndiponso ali m'kati mowotcha. Abale tikhoza kupita kukapereka magazi, ndiponso kuonetsetsa kuti wodwala akudya. Wosuta fodya asiye, chifukwa utsi wa fodya umalanda malo a okosijeni m'maselo ofiira, ndipo n'zodziwika kuti osuta ali pa chithandizo cha kuwotcha sapindula nacho mofanana ndi osasuta. Chinanso n'chakuti kuwotcha khansa imeneyi kumayenera kutha m'milungu isanu ndi itatu, ndipo masiku odumphadumpha amachepetsa mwayi wochira. Ndalama zathu za chipereganyu zikanagwira ntchito yaikulu zikanakhala zolipirira minibasi ya tsiku ndi tsiku, chakudya, ndi lendi ya miyezi imene mayiwo sangathe kugwira ntchito.

Ndinakakhala pansi ndi mayi aja pamodzi ndi mwana wawo ndi amayi awiri a chigwirizano, ndipo ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha mbali yanga. Sanavomere tsiku lomwelo. Anandifunsa kuti, "Nanga kupepuka kumene ndinamva kuja kunali kunama?" Ndinawayankha kuti sikunali kunama, popeza munthu wotopa akagona ola lathunthu pamalo abata, anthu akumusamalira, amadzukadi wopepuka, koma kuti magazi aja akutiuza zimene zikuchitika m'kati. Patapita masiku atatu anatumiza mwana wawo kudzanena kuti apita. Achipatala awapatsa tsiku lina, ndipo awaika kale magazi. Pa gulu lathu tagwirizana kuti uthenga uliwonse wonena za mankhwala uziyamba wafika kwa anamwino awiri amene tili nawo m'gulumo usanatumizidwe kwa ena, ndipo ndalama zimene zinatsala tazipatula kuti zikhale za thiransipoti. Ndikupempha inu Akonzi kuti ngati n'kotheka mupeze dokotala wa khansa wa kwathu kuti afotokoze nkhaniyi m'Chichewa pa tsamba lanu la zaumoyo, chifukwa uthenga uja ndauona ukuyendanso m'magulu a ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Lolemba likudzali ndapempha tchuthi kuntchito, ndipo ine ndi mwana wawo tidzanyamuka nawo 5 koloko m'mamawa kuti tikapezeke kutsogolo kwa mzere.

Ine wanu,
Mphunzitsi wakale,
Rosettenville, Johannesburg